Zida zoyenera kusungidwa m'galimoto yoyenda ulendo wautali

Galimoto zonyamula mbatatesi, chimanga ndi kabichi kuchokera ku Angónia ndi Tsangano zimatsika ndi msewu wa N304 mpaka ku Mussacama, pomwe zimalowa mu N7 wopita ku Moatize ndi mumzinda wa Tete. M'misewu imeneyi munthu amatha kuyenda mtunda wautali osaona galaja, choncho galimoto ikafa, woyendetsa amadalira zimene wanyamula basi.

Chofunika choyamba si sipanala ayi, koma zida zochenjeza anzake a pamsewu. Galimoto yoima pakona kapena usiku itha kuwombedwa ndi lole yobwera m'mbuyo anthu ali kalikiliki kusintha tayala. Lamulo la pamsewu la Mozambique, Código da Estrada, limafuna kuti m'galimoto mukhale zikwangwani ziwiri zonyezimira za makona atatu, zija amati triângulo, ndi kolete yonyezimira. Chimodzi chimaikidwa kutsogolo, china kumbuyo, mamita osachepera 30 kuchokera pa galimoto, pamalo poti wobwera achione ali patali. Ambiri anazolowera kuthyola nthambi n'kuziyala pamsewu. Masana zimathandizako, koma usiku nthambi siziwala, ndipo zikasiyidwa pomwepo zimagwetsa anjinga. Okwera onse atsike n'kukhala kunja kwa msewu, osati kumbuyo kwa galimoto.

Kenako ndi za matayala: tayala la sipeya lopopedwa bwino, jeke yolingana ndi kulemera kwa galimoto itasenza katundu, sipanala ya mawilo ndi pampu. Thabwa lochindikala lisaiwalike. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, m'mbali mwa msewu mumafewa ndipo jeke imatitimira ikapanda choyalira. Asanakweze galimoto, woyendetsa akoke handibuleki, aike giya, atsekere mawilo ena ndi miyala, ndipo amasuleko manati pang'ono tayala likadali pansi. Munthu asalowe kunsi kwa galimoto yomwe yagwiridwa ndi jeke yokha.

Madzi akhale a mitundu iwiri, akumwa ndi a rediyeta, chifukwa kumunsi kwa Moatize kumatentha kwambiri ndipo injini yosenza matumba imawira msanga pokwera. Chivundikiro cha rediyeta sichitsegulidwa injini ili yamoto: nthunzi yake imawaula nkhope ndi manja. Ndi bwino kudikira izizire.

Zina ndi oyilo, fanibeluti, mafyuzi, pulayala, sikuludiraiva, waya, mphira, chingwe cholimba chokokera, khasu lofukulira m'matope, tochi ndi mawaya a batire. Polumikiza mabatire, waya wofiira umapita pa + mbali zonse ziwiri, wakuda uchoke pa − ya batire yamoyo n'kukagwira chitsulo cha injini ya galimoto yakufa.

M'kabokosi ka chithandizo choyamba mukhale mabandeji, thonje, sopo, mankhwala otsukira chilonda ndi magolovesi. Bulangete ndi lofunika kwa wogona panjira ku Angónia mu Juni ndi Julayi.

Foni ikhale yodzaza moto, ndi manambala a makaniko ndi mwini katundu atalembedwanso papepala. Kufupi ndi malire a Calómuè ndi Zóbuè foni nthawi zina imagwira netiweki ya ku Malawi, ndiye wokhala ndi makadi awiri, monga a Movitel ndi Vodacom, savutika kwambiri. Ndalama zapamanja pang'ono zimathandiza kumene kulibe wothandizira M-Pesa kapena e-Mola.