Ma tab a terminal

Ma tab a terminal ndi timagawo timene timaoneka m'mphepete mwa windo la terminal, ndipo kagawo kalikonse kamagwira ntchito pakokha. Terminal ndi pulogalamu imene munthu amalembamo malamulo oti kompyuta itsatire, m'malo modina zithunzi. Imatsanzira makina akale amene ankakhala ndi sikirini ndi kiyibodi basi, monga VT100 imene kampani ya DEC inatulutsa mu 1978. Pulogalamu ya xterm, imene inayamba mu 1984, ilibe ma tab mpaka lero. Ma tab amapezeka mu GNOME Terminal, Konsole, kitty ndiponso Windows Terminal, imene mtundu wake wa 1.0 unatuluka mu Meyi 2020.

Kusamuka pa tab ina kupita pa ina

Mapulogalamu ambiri amatsegula tab yatsopano munthu akadina Ctrl+Shift+T ndipo amaitseka ndi Ctrl+Shift+W. Batani la Shift amaliwonjezerapo dala. Mabatani a Ctrl+T ndi Ctrl+W, amene amagwira ntchitoyi mu Firefox ndi Chrome, ali kale ndi ntchito ina mu shell, pulogalamu imene imalandira malamulowo. Mu bash, Ctrl+W imafufuta liwu lakumbuyo, pamene Ctrl+T imasinthanitsa zilembo ziwiri.

Pa nkhani yosamuka, pulogalamu iliyonse ili ndi mabatani ake. GNOME Terminal imagwiritsa ntchito Ctrl+PageUp ndi Ctrl+PageDown, ndipo Alt pamodzi ndi nambala imafikitsa munthu pa tab ya nambalayo. Konsole imagwiritsa ntchito Shift ndi mivi ya kumanzere ndi kumanja, pamene kitty imafuna Ctrl+Shift ndi mivi yomweyo. Mu Windows Terminal muli Ctrl+Tab, ndipo munthu angasankhe kuti izitsata ma tab mmene aikidwira pamzere kapena iziyamba ndi imene waigwiritsa ntchito posachedwa.

Mabatani onsewa akhoza kusinthidwa, koma batani limene terminal yatenga silifikanso ku pulogalamu imene ikuyenda mkati mwa tab. Mwachitsanzo, pulogalamu yochezera ya irssi nayo imagwiritsa ntchito Alt ndi nambala, choncho mu GNOME Terminal ziwirizi zimalimbirana mabatani mpaka mwini wake atasintha a imodzi.

Maonekedwe

Dzina la tab nthawi zambiri limalembedwa ndi shell, osati ndi terminal. Shell imatumiza zizindikiro zosaoneka pa sikirini zimene zimauza terminal dzina loti iike. Pa Ubuntu, fayilo ya .bashrc imachititsa kuti dzinali likhale ndi dzina la munthu, la kompyuta ndi la foda imene alimo. Vuto limabwera munthu akalowa mu seva yakutali kudzera pa ssh. Ngati shell ya kumeneko situmiza zizindikirozo, tab imapitiriza kuonetsa dzina lakale ngati kuti munthuyo akadali pa kompyuta yake.

Apa m'pamene maonekedwe amakhala ofunika kuposa kukongola chabe. Tiyerekeze kuti woyang'anira makompyuta pa kampani ina ku Maselema mumzinda wa Blantyre watsegula ma tab atatu: ina pa laputopu yake, ina pa seva yoyeserera, ndipo yachitatu pa seva yosunga maakaunti a kampani. Onse atatu ndi akuda ndipo zilembo zake n'zofanana. Akalemba lamulo la rm mu tab yolakwika, mafayilo afufutika pomwepo, chifukwa lamuloli siliika zinthu mu bini yoti n'kuzibwezamo. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amapereka mtundu wofiira kwa tab ya seva yeniyeni, n'kuilembanso dzina lokhazikika.

Mu Windows Terminal zimenezi zimasungidwa mu fayilo ya settings.json. Mawu akuti tabColor amapereka mtundu, suppressApplicationTitle imaletsa shell kusintha dzina, ndipo tabWidthMode imasankha kukula kwa ma tab. Mu kitty zimalembedwa mu fayilo ya kitty.conf, mwachitsanzo:

tab_bar_edge top
tab_bar_style powerline
map ctrl+alt+1 goto_tab 1

Mzere woyamba umakweza ma tab pamwamba, popeza kitty imawaika pansi munthu akapanda kusintha. Wachiwiri umasintha kaonekedwe ka malire awo, ndipo wachitatu umasankha mabatani opitira pa tab yoyamba. GNOME Terminal ndi Konsole zili ndi windo la zosankha, choncho sipafunika kulemba fayilo.

Kusiyana ndi tmux

Tab ikatsekedwa, kapena kompyuta ikazima, ntchito imene inkayenda mkati mwake nthawi zambiri imathera pomwepo. Mapulogalamu a GNU Screen, ya mu 1987, ndi tmux, imene Nicholas Marriott anayamba mu 2007, amapanga mawindo ofanana ndi ma tab koma mkati mwa terminal momwemo. Mu tmux munthu amayamba wadina Ctrl+b, kenako c kuti atsegule windo latsopano, n kuti apite kutsogolo, kapena p kuti abwerere. Ngati tmux ikuyenda pa seva yakutali, ntchito imapitirira ngakhale magetsi atathima kapena intaneti itaduka kumene kuli munthuyo, zomwe zimachitika kawirikawiri m'Malawi. Akalumikizanso amalemba tmux attach n'kupeza mawindo ake mmene anawasiyira.