Mkono, Mkwamba ndi Tepi ya Telala

Masiku amakedzana, pamene anthu a m'mapiri a Dedza ankafunda nyanda yosula kuchokera ku khungwa la mombo, ndipo Angoni ankadzimangira zikopa m'chiuno, panalibe munthu wofunsa utali wa chovala, pakuti mtengo ndi nyama ndizo zinkapereka muyeso. Funsolo linadza ndi amalonda a Chiyao, amene ananyamula merikani ndi biriwita kuchokera kunyanja yamchere, ndipo poti ndodo yoyezera kunalibe, thupi la munthu linasanduka muyeso: mkono, kuyambira pachigongono kufikira kunsonga ya chala, womwewo umene Buku Lopatulika liyesera chingalawa cha Nowa, mkwamba, manja onse awiri atatambasulidwa, ndiyo mikono 4, ndi chirundu, mikwamba iwiri, imene inkakwanira mayi kudzikulunga kuyambira m'khwapa kufikira kumapazi. Wogula wochenjera, amati, ankapita kumsika ndi mbale wake wamtali manja.

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kampani ya Mandala, yoyambitsidwa ndi Asikoti mu 1878, inkalipira amtengatenga ndi nsalu, ndipo pang'onopang'ono yadi inalanda malo a mkwamba. Asikotiwo kwao ali ndi chovala cha amuna chotchedwa kilt, chimene chimadya mayadi 8 a nsalu yaubweya yamawangamawanga, osati chifukwa mwiniyo ndi wonenepa, koma chifukwa kumbuyo konse amakupinda mapindo ozama, ndipo pindo lililonse liyenera kugwera pamzere womwewo wa mawanga, kotero kuti mawanga akakula, nsalunso ichuluke.

Nzeru yomweyi aidziwa telala wokhala ndi makina ake a Singer pakhonde la sitolo pa Dedza boma kapena pa Chimbiya. Mayi akamtambasulira chitenje, iye sathamangira sizasi. Ayamba wayang'ana maluwa, nayesa m'chiuno, m'mapewa ndi utali wofika kuakakolo, nalemba ndi choko, ndipo pokhapo anena kuti mamita 2 angotulutsa siketi, koma bulauzi ya manja otukumuka pamodzi ndi duku zifuna 4, kapena 6 ngati maluwawo ndi aakulu ndipo ayenera kukumana pamsoko.

Fakitale ya David Whitehead and Sons itatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, zitenje zinachuluka m'dziko muno, ndipo lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa akazi mathalauza ndi masiketi osabisa mawondo, linaonjezera nsalu pa zovala za akazi kufikira linachotsedwa mu 1993. Komabe ine ndaonapo agogo pa Lizulu, m'mawa wa chisanu cha June, atamva wogulitsa akulumbira kuti mamita ndi okwana, iwo nagwira nsonga ziwiri za chitenjecho, natambasula manja awo.