Mbiri ya Linux pa mapurosesa osiyanasiyana, ndi tsogolo la makompyuta akale ku Petauke ndi Nyimba

Purosesa, kachipangizo kamene kamagwira ntchito yonse yowerengera m'kati mwa kompyuta kapena foni, imamva malangizo a mtundu wake wokha, kotero kuti pulogalamu yokonzedwera purosesa ya Intel singayende pa ya ARM pokhapokha zimene mwini wake analemba zitasandulizidwanso ndi pulogalamu ina yotchedwa kompayila. Pamene Linus Torvalds ankayamba Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta, ku Helsinki mu 1991, maso ake anali pa Intel 80386 basi, ndipo panapita zaka zingapo kuti Linux iyambe kuyenda pa mitundu ina monga Alpha ndi SPARC.

Mtolo weniweni unagwera magulu amene amasonkhanitsa mapulogalamu zikwizikwi ndi kuwamanga m'maphukusi oti munthu angoika pa makina ake. Gulu la Debian, limene Ian Murdock anayambitsa mu 1993, linawonjezera Motorola 68000 mu 1998, Alpha ndi SPARC mu 1999, kenako PowerPC ndi ARM mu 2000, ndipo pofika mu 2002 linkamangira mitundu 11. Zimenezi zinatheka chifukwa cha makina otchedwa buildd, amene amatenga phukusi lililonse latsopano n'kulimangira mtundu wawo popanda munthu kuimirira pamenepo, ngakhale kuti pomanga pakalephereka pamafunikabe munthu wodzipereka woti afufuze cholakwika, kawirikawiri mopanda malipiro. Mu 2013 Debian 7 inabweretsa njira yotchedwa multiarch, yolola maphukusi a mitundu iwiri kukhala m'kompyuta imodzi osasokonezana.

Nkhani ya Raspberry Pi, kakompyuta kotsika mtengo kamene kanatuluka mu 2012, ikuonetsa kulemera kwa ntchitoyi. Purosesa yake inali ya m'badwo wa ARMv6 pomwe maphukusi atsopano a Debian a ARM ankafuna ARMv7, choncho Mike Thompson ndi Peter Green anamanganso maphukusiwo, n'kutulutsa Raspbian.

Ku chigawo cha kum'mawa kwa Zambia mbiri imeneyi ili m'manja mwa anthu, ngakhale ambiri saidziwa. Mafoni a Android amene amagulitsidwa m'misika ya Petauke ndi Nyimba m'mbali mwa msewu wa Great East amayendera Linux, ndipo pafupifupi onse ali ndi purosesa ya ARM. Matabuleti a Mwabu amene bungwe la Impact Network limaphunzitsira ana m'sukulu za m'midzi ya Katete, Sinda ndi Petauke nawonso ndi a Android. Koma kuyambira pamene maphunziro a makompyuta analowa m'silabasi ya sekondale mu 2014, sukulu zambiri za kumidzi zadalira makompyuta ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo apa m'pamene pali nkhawa.

Mu Ogasiti 2025 Debian 13 inalandira RISC-V, mtundu umene aliyense angapange popanda kulipira laisensi, koma inasiyanso kupereka njira yoikira Linux pa makompyuta akale a Intel a 32-bit, monga mmene Ubuntu, gulu lina lofanana ndi Debian, linachitira kale. Chifukwa chake n'chomveka, popeza osamalira mtunduwo anachepa, komabe n'zodandaulitsa kuti ziganizo zotere zimapangidwa popanda mawu a aphunzitsi amene makina oterowo ndiwo okhawo ali nawo. Makina akale amene purosesa yake ndi ya 64-bit sakukhudzidwa, koma kwa a 32-bit, Debian 12 ya mu 2023 ndiyo yomaliza kuikidwapo.