Mmene njinga inasandukira khasu kuno ku Mzimba



Mafuta akasowa m'tauni, ena mwa inu mumayamba kutchova njinga popita kuntchito, kenako n'kumafunsana ngati zimenezi zidzazolowereka kapena ndi fashoni chabe. Ndati ndiponyepo mawu ngati mlimi, poti kuno njinga inazolowereka kalekale, koma inayenda ulendo wautali kuti ifike pamenepo.

Njinga ya mawilo awiri ofanana ndi tcheni, yomwe tikuidziwayi, inayamba kupangidwa ku Coventry, ku England, mu 1885, ndipo tayala lopopa la Dunlop linatsatira mu 1888. Kuno oyamba kuyenda nazo anali azungu a boma ndi amishoni, m'zaka zomwe Donald Fraser ankakhazikitsa mishoni ya Loudon ku Embangweni mu 1902. Munthu wamba ankangoiona ikudutsa.

Inalowa m'makomo mwathu kudzera kutheba. Agogo athu ambiri ochokera ku Edingeni, Luwerezi, Champhira ndi Mabulabo anapita ku Rhodesia ndi kumigodi ya ku Joni, ena pansi, ena kudzera ku Wenela. Amene sanabwerere tinkawatcha matchona. Amene anabwerera ankadziwika ndi sutikesi, bulangete, ndi njinga ya Raleigh kapena Humber. Akuluakulu amatiuza kuti njinga yoteroyo inkagona m'nyumba, n'kumapukutidwa tsiku lililonse. Ankatuluka nayo popita kutchalitchi kapena ku boma ku Mzimba basi. Mwana kuigwira belu, inali milandu.

Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo. Kamuzu analetsa Wenela kulemba anthu kuno. Patapita zaka zingapo ulendo wa kumigodi unayambiranso kudzera ku TEBA, koma nawo unatha mu 1988. Njira yakale yopezera njinga inatsekeka choncho.

M'malo mwake munabwera njinga zotsikirapo mtengo za ku India ndi ku China, monga Hero, Avon ndi Phoenix, zomwe mlimi ankatha kugula akagulitsa fodya kapena mtedza. Apa ndiye zinthu zinatembenuka. Njinga inatuluka m'chipinda n'kuyamba kunyamula thumba la makilogalamu 50 kupita kuchigayo, feteleza kuchoka ku ADMARC, tomato kupita pa Jenda, mbuzi pa kaliyala, ngakhale wodwala kupita kuchipatala cha Embangweni. Anyamata anaika khushoni kumbuyo n'kuyamba kunyamula anthu, ntchito yomwe kumwera amati kabaza, ku Mzuzu amati Sacramento. Amayi nawo anayamba kupalasa mopanda manyazi, ndipo ine ndimaona kuti kutha kwa lamulo loletsa akazi kuvala mathalauza mu 1993 kunathandizako, ngakhale ambiri amatchova ndi chitenje chomwecho.

Ndiye onani abale, njinga inazolowereka pamene inasiya kukhala ya ulemu n'kukhala ngati khasu. Palibe amene amajambulitsa ndi khasu, eti? Koma palibenso nyumba yofuna kukhala yopanda khasu.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti lero tikugwera mbali inayo. Wochokera ku Joni masiku ano amafuna kufika ndi galimoto, ndipo pasiteji njinga zamoto zalanda makasitomala a akapalasa. Achinyamata ena ayamba kuiona njinga ngati chizindikiro cha umphawi. Chonsecho mafuta atasowa mu 2011, komanso kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, amene sanagone panjira ndi wa kapalasa yemweyo. Chimanga chake chinafika pamsika, mwana wake anafika kusukulu.

Ku Netherlands, dziko lotchuka ndi njinga, nakonso galimoto zinatsala pang'ono kulanda misewu. Chifukwa cha ngozi zopha ana pamsewu komanso vuto la mafuta la 1973, anthu anakakamiza boma lawo kumanga njira za njinga zokha. Kumeneko nduna ndi wophunzira amatchova limodzi, palibe woseka mnzake.

Kwa ine, zosunga njinga pakati pathu ndi zitatu. Choyamba ndi mmisiri wa pansi pa mtengo, womata chubu ndi kuwongola masipoko; akasowa ameneyu, njinga imakolekedwa kudenga. Chachiwiri ndi zipangizo zolimba, osati tcheni chodula pakatha mwezi. Chachitatu ndi malo pamsewu. Aliyense amene anapalasapo pa M1 pakati pa Jenda ndi mphambano ya ku Mzimba akudziwa mmene mtima umagundira thiraki ikaliza hutala kumbuyo, iwe uli ndi matumba awiri pa kaliyala. Nkhani ya mpata wa njinga m'mbali mwa msewu tiziitchula pamisonkhano ya chitukuko, pamaso pa makhansala ndi aphungu athu.

Ndipo inu amene muli ndi njinga yongogona chifukwa mwagula yamoto, musaisiye idye dzimbiri. Ikonzeni mupatse mtsikana amene amayenda mtunda wautali kupita kusekondale. Mvula isanayambe, mukayang'anenso mabuleki.