Msundwe wa pa intaneti ndi Msundwe wa kwathu

Mukasaka dzina loti Msundwe pa Google, mutha kuganiza kuti kwathu kulibe ngakhale mayi wogulitsa tomato. Zimene zimabwera ndi "Msundwe Barracks", miyala ndi utsi wokhetsa misozi basi. Ine ndinakulira m'mbali mwa msewu wa Lilongwe–Mchinji womwewo, ndiye nkhaniyi imandikhudza.

Tiyambire kumayambiriro. Chisankho cha pa 21 Meyi 2019, chija cha Tipp-Ex, chinabala zionetsero zotsogozedwa ndi HRDC, ndipo anyamata a ku Msundwe anatchuka nazo. Pa 8 Okutobala chaka chomwecho, anthu anatseka msewu kuti otsatira DPP asapite ku msonkhano wa Peter Mutharika mumzinda wa Lilongwe. Pa chipwirikiticho wapolisi, Usumani Imedi, anaphedwa pogendedwa miyala. Posakhalitsa kunamveka kuti apolisi agwirira amayi ndi atsikana ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu.

Masiku amenewo foni sinkazizira. Masamba ena a pa intaneti ankati nkhani ya amayiwo ndi bodza la andale. Ena ankakweza chiwerengero tsiku ndi tsiku ngati mtengo wa feteleza. Inenso ndinagwa m'mbuna. Ndinalandira chithunzi cha mayi wamagazi kumaso, pansi atalemba kuti Msundwe, ndipo ndinachiponya pa gulu lathu la WhatsApp osaganiza kawiri. Amalume ndi amene anandifunsa kuti, "Mphwanga, nyumba ili kumbuyo kwakeyo unaionapo kuti kwathu kuno?" Nditachisaka pa Google, ndinapeza kuti chinali cha dziko lina, cha zaka zambuyo. Manyazi ake!

Chondiwawa n'chakuti chithunzi chabodzacho chinathandiza amene ankakana nkhani yoona. Munthu akakugwira bodza limodzi, amataya ndi zoona zomwe.

Nanga zoona zinadziwika bwanji? Bungwe la Malawi Human Rights Commission linafika kumudzi, linamva amayiwo, ndipo mu Disembala 2019 linatulutsa lipoti lonena kuti nkhanzazo zinachitikadi. Bungwe la maloya achizimayi, Women Lawyers Association, linapita nayo kukhoti. Mu Ogasiti 2020 jaji Kenyatta Nyirenda wa High Court analamula kuti amayi 18 apatsidwe chipukuta misozi. Pambuyo pake pa intaneti panazunguliranso lipoti lotayikira la apolisi lotsutsa nkhaniyi, ndipo ambiri analikumbatira chifukwa linali ndi maonekedwe a chikalata cha boma. Koma pepala lolembedwa ndi mbali imene ikudandauliridwa sililemera mofanana ndi chigamulo chimene jaji wapereka atamva mbali zonse.

Chichokereni apo, ndisanakhulupirire tsamba ndimadzifunsa zinayi. Walemba ndani, ndipo dzina lake lilipo? Anafika pamalopo, kapena wangokopera kwa mnzake? Tsiku lake ndi liti? Nanga ineyo ndikakhulupirira, apindule ndani? Masamba khumi onena chinthu chimodzi sakhala mboni khumi ngati onse anatunga pa chitsime chimodzi.

Ana amene ali ku pulayimale lero adzaphunzira mbiri ya 2019 pa foni. Adzapeza zimene ifeyo tinagawana. Chithunzi chija ndinachifufuta pa gulu lathu, koma chinali chitadutsa kale m'mafoni ambiri.