Za Cipata ca Kasitomu ku Chiromo ndi Nyumba ya Mandala

Pa masiku ano a Jubili tirikukumbukira amene anayamba nchito pakati pa mapiri athu a Dowa ndi Nchisi. Tidziwa tonse kuti A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok anamanga hema wao pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, pa 28 November 1889, ndi kuti Robert Blake anayamba Kongwe m'caka ca 1894. Koma ife aphunzitsi a m'midzi, pophunzitsa ana mbiri imeneyi, tifunsidwa kawiri kawiri funso lina: kodi masileti, mabuku, mankhwala ndi nsalu za masiku aja zinadzera kuti, popeza kunalibe njanji kapena galimoto? Tsono tifuna kuutsata ulendo wa katunduyo, kucokera ku nyanja ya mcere kufikira kwathu kuno, ndi kuona nyumba ziwiri zimene anapitamo.

Poyamba paja khomo la dziko lino linali m'manja mwa Apwitikizi. Sitima za pamadzi zinkaima pa Quelimane, ndipo pomwepo panali nyumba yao ya kasitomu, ndiko kuti nyumba yolipirapo msonkho wa katundu wolowa m'dziko. Amisyoni ndi amalonda anadandaula kwambiri, pakuti akatundu ankacedwa ndi kugwidwa pamenepo. M'caka ca 1889 Daniel Rankin anadziwitsa anthu kuti pa Chinde pali matsiriro a Zambezi amene sitima ikhoza kulowapo. Ndipo pamene Angerezi ndi Apwitikizi anapangana za malire m'caka ca 1891, Angerezi anabwereka kadziko kakang'ono pa Chinde, kuti katundu wa kuno atsikire pamenepo wosalipira msonkho wa Apwitikizi.

Caka comweco Harry Johnston anakhazika Boma m'dziko lino, ndipo anaika cipata cace pa Chiromo, pamene mtsinje wa Ruo utsirira m'Shire. Malowo anasankhidwa mwanzeru, cifukwa Ruo ndiye malire, ndipo sitima iri yonse yokwera Shire inayenera kupita pomwepo. Hugh Marshall ndiye anayang'anira msonkho pa Chiromo masiku oyambawo, nasunganso nyumba ya makalata. Nchito ya kasitomu inali yotere: sitima ikakoceza, akatundu ankawerengedwa, mtengo wao nulembedwa m'buku, mwini wace nalipira gawo la Boma, mfuti ndi onga zinkayang'aniridwa koposa, cifukwa nkhondo za ukapolo zinali zisanathe. Tizindikire kuti Boma lija linaika mtima kwambiri pa msonkho, kotero kuti Mzungu woyang'anira cigawo ankachedwa Collector, ndiye wosonkhetsa. Msonkho wa katundu pa Chiromo ndi msonkho wa nyumba umene unasautsa makolo athu zinalowa m'thumba limodzi.

Atacoka pa Chiromo, katundu ankakwera Shire kufikira kwa Katunga, pafupi ndi Chikwawa. Pamenepo madzi aleka kuthandiza, pakuti kumtunda kwace kuli mathithi amene ngalawa singathe kupitapo. Apa ndipo panayamba nchito ya amtengatenga. Munthu mmodzi ankasenza mtolo wa mapaundi 50 kapena kuposa, nakwera nao phiri kufikira ku Blantyre, ndipo malipiro ace kawiri kawiri inali nsalu.

Ku Blantyre akatundu ambiri ankafikira pa Mandala, likuru la kampani ya African Lakes. Kampaniyi inayambika ku Glasgow m'caka ca 1878, ndipo oyang'anira ace kuno anali abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankabvala magalasi a m'maso, motero anthu anamucha Mandala. Dzinalo linagwera nyumba yace, kampani yonse, ndi dera lonse la mzindawo kufikira lero. Nyumbayi sinali ya msonkho wa Boma iai, koma inali cipata caciwiri, pakuti m'bwalo lace mitolo inkaunjikidwa ndi kugawidwa kwa osenza ena.

Nyumba ya Mandala inamangidwa m'caka ca 1882, ndipo mwa nyumba zonse za Azungu zimene ziri ciimire m'Malawi, yakale koposa ndi imeneyi. Iri yosanja, ya zipinda pansi ndi pamwamba, cinthu cimene anthu a masiku aja anazizwa naco. Makoma ace ndi a njerwa zouma ndi dzuwa, zomangidwa ndi dothi, monga timangira ife kumudzi. Wina angafunse kuti, nanga dothi lakhala bwanji zaka zoposa 140 losagumuka? Yankho liri pa khonde. Khonde lalikuru lizinga nyumbayo, licingira makoma mvula, ndi kusunga zipinda zozizira nthawi ya dzuwa. Nzeru yomweyo aidziwa amai athu, amene sakondwera ndi nyumba ya tsindwi lalifupi. Bwalo lace linali lochingidwa, kuti likhale pothawirapo pa nthawi ya nkhondo. Ndipo m'mwezi wa January 1915 anthu a John Chilembwe anathira nkhondo nkhokwe za Mandala pofuna mfuti. Tsopano Boma liisunga nyumbayi ngati cikumbutso ca dziko, ndipo m'zipinda zapamwamba bungwe la Society of Malawi lisungamo mabuku ndi zithunzi zakale.

Kucokera pa Mandala amtengatenga ankatsikira ku Matope, kumtunda kwa mathithi. Pamenepo sitima inkalandira katundu, nipita naye pa nyanja ya Malombe ndi Fort Johnston, ndiye Mangochi, nilowa m'nyanja yaikuru kufikira ku Domira Bay. Kuyambira apo nchito inagwera anthu a kwathu. Iwo ndiwo anatsikira ku cigwa cotentha ca kunyanja, nasenza mabokosi pamutu, nakwera nao mapiri kufikira pa Mvera.

Ulemerero wa Chiromo sunakhalitse. Madzi a Shire anacepa, sitima zinayamba kutsakamira pamcenga, ndipo m'caka ca 1908 njanji yocokera ku Port Herald, ndiye Nsanje, inafika ku Blantyre. Chinde anapasuka ndi namondwe m'caka ca 1922, ndipo m'caka ca 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatha, njanji nifika ku Salima, kunsi kwa mapiri athu. Motero njira yakale inafa, ndi nchito ya osenza inacepa.

Tsono taonani, abale. Kasitomu inalemba mtengo wa mtolo uli wonse, ndipo nyumba ya Mandala isunga dzina la mwini katundu kufikira lero. Koma amene anasenza mitoloyo mbiri siwachula maina. Akuru anati, mutu umodzi susenza denga. Sukulu yoyamba ya pa Mvera inaima cifukwa ca amene anaphunzitsa, ndi cifukwa ca amene anafikitsa sileti ndi buku. Cifukwa cace tipempha inu akatekisti ndi akuru a mpingo, pobwerera ku midzi yanu mufunse nkhalamba zimene zatsala, ngati zinamva kwa makolo ao za wina wa banja lao amene anayenda ulendo wa ku Domira Bay. Mulembe dzina lace, mfunda wace ndi mudzi wace, nimupereke kwa mbusa, kuti pa Jubili irinkudza ana athu adzawerenge mainawo pamodzi ndi a Murray ndi Vlok.