Kafukufuku wa Kubadwa ndi Kufa kwa Mabungwe, ndi Nkhani ya Malonda Enieni

Kafukufuku wa kubadwa ndi kufa kwa mabungwe ndi nthambi ya maphunziro a zachikhalidwe cha anthu imene inayambira m'dziko la America m'zaka za m'ma 1970. M'malo mofufuza kampani imodzi ndi luso la bwana wake, akatswiri a nthambiyi amasonkhanitsa mbiri ya mabungwe onse ogwira ntchito yofanana, kaya ndi nyuzipepala, mabanki, mabungwe a anthu apantchito kapena makampani ofulula mowa. Amalemba chaka chimene lililonse linakhazikitsidwa ndi chaka chimene linatsekedwa, kenaka amafufuza chimene chimachititsa kuti mabungwe achuluke nthawi ina ndi kutha nthawi ina. Kafukufukuyu ndiye anadzawafikitsa pa funso limene sanayambe nalo: n'chifukwa chiyani ogula ambiri amalolera kulipira ndalama zambiri pa chinthu chimene akuchiyesa chenicheni, ngakhale lilime lawo silingachisiyanitse ndi chinzake chotchipa?

Chiyambi chake

Maziko a nthambiyi anaikidwa ndi Michael Hannan ndi John Freeman m'nkhani yawo ya mu 1977 yotchedwa The Population Ecology of Organizations, imene inatuluka m'magazini ya akatswiri ya American Journal of Sociology. Pa nthawiyo aphunzitsi ambiri a zamalonda ankaphunzitsa kuti bungwe limasintha mogwirizana ndi nyengo, ndipo kuti mtsogoleri wanzeru amaliwongolera kulikonse kumene akufuna. Awiriwa anatsutsa zimenezi. Iwo anati mabungwe ambiri ndi ouma khosi, ndipo kusintha kumene timakuona pamsika kumadza makamaka chifukwa choti mabungwe akale amafa, atsopano amtundu wina n'kulowa m'malo mwawo. Mu 1984 anafotokoza chifukwa cha kuuma khosiko. Anthu amakhulupirira bungwe limene limachita zinthu mofanana lero ndi mawa, ndiponso limene lingathe kulongosola m'mene lagwiritsira ntchito ndalama zake. Kuti lithe kutero limadzimanga ndi malamulo ndi zizolowezi, ndipo zingwe zomwezo ndi zimene zimaliletsa kutembenuka zinthu zikasintha. Buku lawo lalikulu, Organizational Ecology, linatuluka mu 1989.

Anatengerakonso ganizo la Arthur Stinchcombe la mu 1965 lakuti mabungwe ongobadwa kumene ndi amene amafa kwambiri, popeza antchito ake sanazolowerane ndipo makasitomala ndi mabanki sanayambe kuwakhulupirira.

Glenn Carroll, amene anaphunzira ku yunivesite ya Stanford n'kudzaphunzitsa ku Berkeley asanabwererenso ku Stanford, anagwira ntchito ndi Hannan pa mfundo ina yofunika. Mtundu wa bungwe ukakhala wachilendo, kuchuluka kwa ochita nawo ntchitoyo kumathandiza aliyense, chifukwa anthu, boma ndi obwereketsa ndalama amayamba kuuzolowera. Koma chiwerengero chikapitirira mlingo wina, kulimbirana makasitomala kumaposa phindu la kuzolowereka. Atsopano amachepa, otsekedwa amachuluka. Mfundoyi inayesedwa pa mabungwe a anthu apantchito a ku America kuyambira 1836 mpaka 1985, pa nyuzipepala za ku Argentina ndi Ireland, ndi pa makampani opanga magalimoto.

Zimphona zikakula, timakampani timamera m'mbali

Mu 1985 Carroll anatulutsa ganizo limene linamutchukitsa, atafufuza nyuzipepala za m'mizinda ya ku America. Makampani akuluakulu amalimbirana pakati pa msika, pamene pali ogula ambiri okonda zinthu zofanana. Pa mpikisano wotere wopambana ndi amene amapanga zambiri pamtengo wotsika, choncho makampani apakatikati amamezedwa kapena kutsekedwa mpaka kutsala zimphona ziwiri kapena zitatu. Koma chimphona chimodzi sichingafike konse kumene ankafika makampani khumi amene chawameza. M'mbali mwa msika mumatsala ogula osakhutira, ndipo m'menemo ndi mmene mumamera timakampani tochita chinthu chimodzi. Ambiri ankaganiza kuti msika ukagwidwa ndi makampani ochepa ndiye kuti khomo latsekeka kwa aang'ono. Carroll anaonetsa kuti nthawi zambiri ndi pamene limatseguka.

Mowa wa ku America

Palibe malonda amene anaonetsa zimenezi bwino kuposa mowa. Mu 1873 dziko la America linali ndi mafakitale a mowa okwana 4,131. Lamulo loletsa mowa la 1920 mpaka 1933 linapha mafakitale ambiri, ndipo amene anatsegulanso anayamba kumezana. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 panatsala mafakitale osakwana 100, msika uli m'manja mwa makampani monga Anheuser-Busch, Miller ndi Coors, onse akufulula mowa wopepuka wofanana kakomedwe.

Kusintha kunayambira ku California. Mu 1965 Fritz Maytag anagula kampani yakale ya Anchor ku San Francisco itatsala pang'ono kutsekedwa, n'kuyambiranso kufulula mwachikale. Mu 1976 Jack McAuliffe anatsegula kafakitale ka New Albion ku Sonoma pogwiritsa ntchito ziwiya zakale zimene anasonkhanitsa ndi kuwotcherera yekha. Kampani yake sinakhalitse, koma inaonetsa ena njira. Mu 1978 pulezidenti Jimmy Carter anasayinira lamulo lolola anthu kufulula mowa wakumwa okha pakhomo, ndipo ambiri mwa amene anadzatsegula timakampani anaphunzirira ntchitoyi m'khitchini ndi m'garaja. Ken Grossman anayamba kufulula mowa wa Sierra Nevada ku Chico mu 1980. Zaka za m'ma 1990 zisanathe, mafakitale anali atadutsa 1,000.

Carroll ndi Anand Swaminathan anafufuza nkhaniyi m'kafukufuku wawo wa mu 2000, ndipo anakumana ndi chinthu chimene mfundo ya 1985 sinathe kuchilongosola payokha. Makampani akuluakulu anali ndi akatswiri, makina ndi ndalama zokwanira kufulula mowa wamtundu uliwonse, wabwino mofanana ndi wa timakampanito. Anayesadi. Miller inagulitsa mowa pansi pa dzina lakuti Plank Road Brewery, ndipo Coors inatulutsa Blue Moon mu 1995 popanda kuonetsa dzina lake pabotolo. Komabe okonda mowa wa ofulula aang'ono akangodziwa mwini weniweni, ankaufulatira. Chimene ankagula sichinali kakomedwe kokha. Ankafuna kudziwa kuti wafulula ndani, wafululira kuti, ndipo ndi mtima wotani.

Ngakhale makampani aang'ono ena anapsa ndi moto womwewo. Boston Beer Company, imene Jim Koch anaiyambitsa mu 1984, inkachita lendi mafakitale a eni ake kuti aifululire mowa wa Samuel Adams. Mowawo unkapambana pamipikisano, koma anzake ankainyoza kuti ndi kampani yotsatsa malonda chabe, yopanda mphika wakewake. Mu 1996 Anheuser-Busch inalowa nawo m'gulu lodandaula kuti mabotolo azilembedwa kumene mowa wafululidwira. Zinali zoseketsa ndithu kuona chimphona cha msika wonse chikudzudzula wina za kusakhala weniweni.

Mitundu ya chenicheni

Mu 2009 Carroll ndi Dennis Wheaton, wolemba nkhani za malo odyera ku Chicago, anasiyanitsa matanthauzo awiri akuluakulu amene anthu amakhala nawo akamati chinthu n'chenicheni. Loyamba ndi lakuti chinthucho chikutsata zimene mtundu wake umafuna: chakudya cha ku Mexico chophikidwa monga a ku Mexico amaphikira. Kwathu kuno n'zimene wogula amafuna akamalipira zambiri pa nkhuku yachikuda, n'kuisiya yachizungu yonenepa ili pomwepo. Lachiwiri limakhudza khalidwe la wopanga: kodi akuchita ntchitoyi chifukwa amaikonda ndi kuikhulupirira, kapena akungofuna ndalama? Mowa wa Blue Moon ukhoza kukhoza mayeso oyamba n'kulephera achiwiri. Awiriwa anatchulanso kukhala chenicheni kochokera ku luso la manja, ndi kochokera ku mbiri yachilendo ya malo kapena mwini wake.

Chimene akatswiriwa amagwirizana n'chakuti kukhala chenicheni sikupezeka m'kati mwa botolo kapena m'mbale. Ndi chigamulo cha anthu, ndipo chingathe kupangidwa. Richard Peterson anaonetsa izi m'buku lake la mu 1997, Creating Country Music: Fabricating Authenticity, lonena za nyimbo za anthu akumidzi a ku America. Pa pulogalamu ya Grand Ole Opry ya wailesi ya WSM ku Nashville, imene inayamba mu 1925, muulutsi George D. Hay ankapatsa magulu oimba mayina achimidzi ndi kuwalimbikitsa kuvala maovololo ndi zipewa za kumunda. Gulu la Humphrey Bate analitcha Possum Hunters, ngati kuti ndi alenje a m'tchire, chonsecho Bate anali dokotala wophunzira bwino. Omvera anakhulupirira chithunzicho, ndipo patapita zaka chinasanduka muyeso woyezera woimba weniweni. David Grazian anapeza zofanana m'buku lake la mu 2003, Blue Chicago: alendo odzaona mzinda ankafika m'mabala a nyimbo za blues ali ndi chithunzi chawo kale cha malo amdima ndi oimba achikuda, ndipo eni mabala ankawapatsa zomwezo, oimba n'kumabwereza nyimbo zimodzimodzi usiku uliwonse.

Umboni wa ku malo odyera

Intaneti inapatsa akatswiri mwayi woyeza zinthu zimene kale ankangozimva pakamwa. Mu 2014 Balázs Kovács, Carroll ndi David Lehman anasanthula ndemanga zoposa miliyoni imodzi zimene makasitomala analemba zokhudza malo odyera oposa 18,000 ku Los Angeles, New York ndi Dallas. Anawerenga mawu amene anthu amagwiritsa ntchito ponena kuti malo ndi enieni kapena achinyengo. Anapeza kuti malo amene ankatchedwa enieni ankalandira mamalikesi apamwamba ngakhale atachotserapo ubwino wa chakudya, ndiponso kuti ulemuwu unkapita kwambiri ku malo oima paokha, a banja limodzi, ndi ophika chakudya cha mtundu umodzi. Nthambi za makampani akuluakulu ndi malo ophika zosakaniza ankaonedwa ngati osadalirika pa nkhaniyi.

Kafukufuku wina wa atatu omwewa, wa ku Los Angeles, anaonetsa kuti makasitomala amakhululukira malo amene sanakhoze bwino pa zaukhondo ngati akuwayesa enieni. Mkangano wotere ndi wakale ku California. Ophika Achitchaina amapachika abakha owotcha pawindo, osati mufiriji kapena mu uvuni, ndipo oyendera zaukhondo ankawalipiritsa chindapusa mpaka boma linakhazikitsa lamulo lapadera lolola mwambowu mu 1982.

Kugulitsa dzina

Ataona kuti mayina obisika sakuthandiza mokwanira, makampani akuluakulu anayamba kugula timakampani totchuka. Anheuser-Busch inagula Goose Island ya ku Chicago mu 2011 pamtengo wa madola pafupifupi 39 miliyoni, ndipo Constellation Brands inalipira madola 1 biliyoni pa Ballast Point ya ku San Diego mu 2015, n'kuigulitsanso mu 2019. Justin Frake, m'kafukufuku wake wa mu 2017, anapeza kuti okonda mowa amatsitsa mamalikesi a mowa akadziwa kuti mwini wake ndi kampani yaikulu. Chaka chomwecho bungwe la Brewers Association linatulutsa chizindikiro cha botolo lozondoka choti chiziikidwa pa mowa wa makampani oima paokha. Malinga ndi bungweli, woyenera chizindikirocho safulula migolo yoposa 6 miliyoni pachaka, ndipo gawo la kampani yake limene lili m'manja mwa kampani yaikulu ya zakumwa zoledzeretsa silifika 25 peresenti. Malire a migolowo anakwezedwa kuchoka pa 2 miliyoni pamene Boston Beer inkawayandikira, umboni winanso wakuti muyeso wa chenicheni umalembedwa ndi anthu okhala ndi zofuna zawo. Anchor, imene inayambitsa zonsezi, inagulidwa ndi kampani ya ku Japan ya Sapporo mu 2017, ndipo inatsekedwa mu 2023.

Zimene otsutsa amanena

Nthambiyi ili ndi oitsutsa. Ruth Young mu 1988 anadandaula kuti mawu obwerekedwa ku sayansi ya zamoyo sakumveka bwino akagwiritsidwa ntchito pa mabungwe, ndipo Lex Donaldson mu 1995 anati imapeputsa ntchito ya atsogoleri, popeza makampani ena akuluakulu asinthapo n'kupulumuka. Dandaulo lomveka kwambiri n'lakuti umboni wochuluka ndi wa ku America ndi ku Ulaya, kumene kaundula wa makampani amasungidwa bwino kwa zaka zoposa 100, ndi kumene ogula ali ndi ndalama zapadera zolipirira mbiri ya chinthu. Njira yowerenga kubadwa ndi kufa kwa mabungwe imavuta m'mayiko amene malonda ambiri salembetsedwa kuboma.

Pa nkhani ya mowa, mfundo yakale ya Hannan ndi Carroll yokhudza kuchulukana yayamba kuonekanso. Mafakitale a ku America anadutsa chiwerengero cha mu 1873 chija mu 2015, n'kupitirira 9,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020. Mu 2024 otsekedwa anachuluka kuposa otsegulidwa, koyamba chichokereni 2005.